Mita ya mmisiri ikanama, ndani angaigwire?

Ku Ulongwe, ku Domwe, ku Furancungo, pa Zobue mpaka ku Moatize, mukalowa muofisina ya wokonza mafoni, mawailesi kapena zasola, pathebulo simungalephere kuonapo multimeter, chida choyezera magetsi chomwe ambirife timangoti mita. Kawirikawiri kamakhala kachikasu kaja ka DT830, kotsika mtengo, ka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Mita imeneyi ndiyo imagamula mlandu uliwonse. Ikanena kuti batire lafa, mwiniwake amabwerera kumudzi kukagulitsa matumba a mbatatesi kuti agule lina. Ikanena kuti tchaja ili bwino, mmisiri amayamba kufukula foni yosalakwa. Aliyense amaimvera, koma oifunsa ngati ikunena zoona ndi ochepa.

Mlimi wa ku Angónia sakhulupirira sikelo ya wogula chimanga mpaka ataikapo chinthu chimene iye mwini akudziwa kulemera kwake. Mita nayo imafuna kuiyesa chomwecho. Chovuta n'choti magetsi odziwika kuchuluka kwake sapezeka pamsika, ndipo nkhani yonseyi yagona pa kuwapeza.

Wina anganene kuti kuphonya pang'ono kulibe kanthu. Tiyeni titenge batire la sola, poti ndilo timayeza tsiku ndi tsiku. Chigawo chathu cha Tete chili ndi damu la Cahora Bassa lomwe makina ake angathe kutulutsa 2,075 MW, ndipo mawaya ochokera ku Songo amanyamula magetsi a 533,000 V mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo ku South Africa, komabe m'midzi yambiri kuwala kwa usiku kumachokera pa panelo imodzi ndi batire limodzi la 12 V. Batire la asidi lodzaza, likapuma maola angapo osalumikizidwa ku kanthu, limakhala pa 12.6 kapena 12.7 V. Likatsika pa 12.2 V ndiye kuti latha pafupifupi theka. Kudzaza ndi kutha theka kwasiyana ndi theka la volt basi. Mita yophonya ndi 2 pa 100 iliyonse imasocheretsa ndi 0.25 V, kutanthauza kuti batire lomwe lataya gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake lingaoneke lodzaza, kapena labwinobwino lingaoneke lotopa. Pa mabatire a lithium m'pamene zimaopsa kwenikweni. Selo wamba ya lithium-ion, ngati ya 18650 yomwe anyamata amachotsa m'malaputopu akufa n'kumangira ma power bank, imayenera kulekezera pa 4.20 V, ndipo opanga amangolola kusiyana kwa 0.05 V. Munthu akamatchuna tchaja yake podalira mita yomwe imaonetsa zochepa, amadyetsa selo mopitirira, ndipo selo yotero imatha msanga, nthawi zina n'kuyaka.

Kuti timvetse mmene mita imasocherera, tiitsegule. Mkati mwa DT830 ndi abale ake muli chip chotengera ICL7106 cha kampani ya Intersil, chomwe chinayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1970. M'mamita otsika mtengo simuchiona ngati chip cha miyendo 40, mumangoona dontho lakuda lomatidwa pabolodi. Chip chimenechi chimadziwa ntchito imodzi yokha: kuyerekeza magetsi osapitirira 200 mV ndi muyezo wake wamkati wa 100 mV. Chimadzaza ka capacitor, kachida kosunga magetsi kwakanthawi, ndi magetsi amene mukuyezawo kwa nthawi yoikika, kenako n'kukakhuthula pogwiritsa ntchito muyezo uja, chikuwerenga kutalika kwa nthawi yokhuthulayo. Nambala ya pagalasi ndi magetsi olowa kugawa ndi muyezo, kuchulukitsa ndi 1,000. Galasilo limathera pa 1999.

Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwiritsitsa. Choyamba, muyezo uli pansi pa kugawako, choncho ukatsika nambala imakwera. Muyezowu umatengedwa pa batire la 9 V lomwe lili m'mitamo, ndipo chip chimausunga wokhazikika pokhapokha batirelo likakhala pamwamba pa 7 V kapena pafupi pamenepo. Batire likafooka, mita siyamba ndi kuzima. Imayamba ndi kukokomeza. Soketi ya 220 V imaoneka ngati yafika 250, batire la njinga yamoto lotheratu limaoneka lamoyo. Pa mabodza onse a mita, ili ndilo lofala, ndipo mankhwala ake ndi batire latsopano basi. Mamita ena amaonetsa kachizindikiro ka batire nthawi itatha kale.

Chachiwiri, popeza chip chimangodziwa 200 mV, masiteji ena onse a 2 V, 20 V, 200 V ndi 1000 V amadutsa pa mndandanda wa ma resistor ochepetsa magetsiwo. Mukapotoza chosankhira chapakati chija, mukusankha pamene chip chitapire pa mndandandawo. Ka trimmer, ka resistor kopotozeka kamene mumakaona pabolodi, komwe manja amayabwa kuti akapotoze, kamasintha muyezo wa 100 mV uja, motero kamakweza kapena kutsitsa masiteji onse a volt nthawi imodzi. Ngati siteji ya 20 V yokha ndiyo ikuphonya pamene ya 2 V ili bwino, trimmer ilibe mlandu. Vuto lili pa resistor yomwe inapsa pang'ono kapena pa tizitsulo ta chosankhira. Mukapotoza trimmer kuti 20 V ikhale bwino, mwawononga masiteji ena onse omwe anali olondola. Mbali ya ma ohm nayo trimmer siikhudza n'komwe, chifukwa kumeneko chip chimayerekeza resistor yanu ndi resistor ina yamkati mwachindunji.

Palinso malire amene wopanga anavomereza yekha. Pakapepala kobwera ndi mita, komwe ambiri timataya limodzi ndi katoni, pamalembedwa zonga ±(0.5% + 2). Pa siteji ya 20 V, nambala yomaliza imaimira 0.01 V. Mukayeza 12.60 V yeniyeni, theka la peresenti ndi 0.063 V, kuwonjeza manambala awiri omaliza aja, 0.02 V, zonse pamodzi 0.083 V. Mita ikaonetsa chilichonse kuyambira 12.52 mpaka 12.68 siinaphwanye lonjezo. Choncho amisiri awiri akamakangana, wina ati 12.55 wina ati 12.65, mwina onse ali ndi mamita abwino. Lonjezolo limagwiranso ntchito pakati pa 18 ndi 28 digiri basi, ndiponso kwa chaka chimodzi chichokere kufakitale. Mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira 40 digiri, ndipo m'kachipinda ka malata kumaposa pamenepo. Kumapiri a Tsangano m'mawa wa mwezi wa Juni kumazizira kufika pansi pa malire enawo. Mita imodzimodziyo siingawerenge mofanana malo awiriwa.

Ndisanafike pa zoyesera, ndinene za matenda amene amaoneka ngati kusochera kwa mita pamene ndi kuwonongeka wamba. Mawaya otsika mtengo amaduka mkati pafupi ndi chogwirira, n'kutsala titsitsi tiwiri kapena titatu. Ikani mita pa 200 ohm, gwirizanitsani nsonga ziwirizo, muone. Mawaya abwino amaonetsa pansi pa theka la ohm ndipo nambala siyendayenda mukawapinda. Fumbi la chilimwe limalowa pansi pa chosankhira n'kusakanikirana ndi girizi. Tsukani njira za mkuwa za pansi pa chosankhiracho ndi sipiriti wa isopropyl, osati mafuta a galimoto kapena parafini, ndipo samalani timipira tiwiri ndi tisipuling'i tomwe timathawa mukangotsegula. Batire lotayikira asidi limasiya zoyera pabolodi zomwe zimadutsitsa magetsi mobisa, makamaka nthawi ya dzinja kukakhala chinyezi. Pa mamita a muvi, monga a mtundu wa YX-360, resistor ya siteji ya ×1 ndiyo imapsa munthu akaiwala n'kuyeza magetsi mita ili pa ohm.

Nthawi zinanso mita imakhala yolondola koma funso limene mwaifunsa ndilo lolakwika. Mita iliyonse imamwa magetsi pang'ono pa chimene ikuyeza. Ya muvi yolembedwa 20 kΩ/V, ikakhala pa siteji ya 10 V, imakhala ngati resistor ya 200 kΩ. Mukalumikiza ma resistor awiri a 100 kΩ motsatizana pa 10 V, pakati pake payenera kukhala 5 V, koma mita ya muviyo idzaonetsa 4.0 V. DT830, yomwe imakhala 1 MΩ, idzaonetsa 4.76 V. Mita ya 10 MΩ idzaonetsa pafupifupi 4.98 V. Palibe yowonongeka pa zitatuzi. Chimodzimodzi ndi ma inverter otsika mtengo amene magetsi ake amatuluka modumphadumpha m'malo mwa funde losalala la EDM, kampani ya magetsi ya boma. Mita wamba inatchunidwa poganiza kuti fundelo ndi losalala, imatenga avereji n'kuchulukitsa ndi 1.11, ndiye pa inverter yotere imatha kuonetsa pansi pa 200 V pamene inverter ili bwinobwino. Yokhayo yolembedwa True RMS ndiyo inganene zoona pamenepo. Zimandipweteka kuona inverter yamoyo ikutsegulidwa ndi kupotozedwa mpaka kuwotcha TV ya munthu chifukwa cha nambala imeneyi.

Nanga volt yeniyeni imachokera kuti? Pa 20 Meyi 1875 mayiko 17 anasainirana pangano la miyezo ku Paris, ndipo panabadwa bungwe la BIPM loyang'anira miyezo ya dziko lonse lapansi, lomwe lili ku Sèvres ku France. Kwa zaka zambiri malabotale ankasunga volt m'timabatire tagalasi totchedwa Weston cell, totulutsa pafupifupi 1.018 V, tomwe sitinkafuna kugwedezeka kapena kusintha kwa kutentha. Mu 1962 Brian Josephson, ali wophunzira ku Cambridge, analosera mwa masamu kuti zitsulo ziwiri zoziziritsidwa kwambiri, zolekanitsidwa ndi kachikopa kopyapyala, zikawombedwa ndi mafunde a frequency yodziwika zimatulutsa volt yodalira frequency yokhayo ndi manambala osasintha a chilengedwe. Mu 1980 Klaus von Klitzing anapezanso zofanana pa ohm, muyezo wa 25,812.807 Ω. Kuyambira pa 20 Meyi 2019 manambala achilengedwewo anakhazikitsidwa kukhala maziko a miyezo ya SI, yomwe mayiko amagwiritsa ntchito limodzi. Makina opanga volt ndi ohm m'njira zimenezi amakhala m'malabotale akuluakulu a mayiko, oziziritsidwa kufika pafupi ndi madigiri 269 pansi pa ziro. Iwo amayesa miyezo yonyamulika, miyezoyo imayesa mamita apamwamba ngati HP 3458A, amenewo amayesa makina a m'fakitale, ndipo fakitale imatchuna mita yanu. Pa sitepe iliyonse kukayikira kumawonjezeka pang'ono, ndipo pa sitepe iliyonse pamayenera kukhala pepala lonena amene anayesa, tsiku, ndi chimene anapeza. Kuno ku Mozambique woyang'anira miyezo ndi INNOQ, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1993, likulu lake ku Maputo. Tsidya la malire a Calomue ndi Dedza ntchitoyi ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Makampani a migodi ya malasha angathe kulipira kuti zida zawo ziyesedwe ndi kupatsidwa satifiketi. Wokonza mafoni pamsika sangatumize mita ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500, pamene ulendo wokhawo ungagule mamita ambirimbiri. Iye ayenera kudzipezera yekha chingwe chomulumikiza ku mzerewu, ngakhale chikhale chopyapyala.

Lamulo lakale la oyesa zida limati choyesera chikhale cholondola kanayi kuposa choyesedwa. Pa mita ya 0.5% mukufuna muyezo wa pafupifupi 0.1%. Batire latsopano la tochi silingagwire ntchitoyi, 1.5 V yolembedwapo ndi dzina chabe, latsopano limakhala pafupi ndi 1.6 V ndipo limasiyana ndi linzake la m'paketi yomweyo. Doko la USB nalo limaloledwa kukhala pakati pa 4.75 ndi 5.25 V.

Chapafupi chomwe aliyense ali nacho ndi TL431, kanthu ka miyendo itatu kooneka ngati transistor, kopezeka m'matchaja akufa ndi m'ma power supply a kompyuta. Mukalumikiza mwendo wa reference ndi wa cathode pamodzi, n'kuzidyetsa kuchokera pa batire la 9 V kudzera pa resistor ya 1 kΩ, anode ku negative, kamakhazikika pa 2.495 V. Koma ka giredi wamba kamaloledwa kukhala pakati pa 2.44 ndi 2.55 V. Kokhala ndi chilembo A ndi ka 1%, ka B ndi ka 0.5%. Kangagwire mita yonama kwambiri, ndipo phindu lake lalikulu n'loti sikasinthasintha: mukakayeza kamodzi ndi mita yodalirika n'kulemba nambalayo, kamakhala mboni yanu kwa nthawi yaitali. Choposa pamenepo ndi LM4040 ya giredi A, ya 0.1%, kapena AD584 ya Analog Devices yomwe imatulutsa 2.5, 5, 7.5 ndi 10 V. Pa 10 V, AD584 ya chilembo J imaloledwa kuphonya ndi 30 mV, ya K ndi 10 mV, ya L ndi 5 mV. Timabolodi ta AD584 timagulitsidwa pa intaneti tili ndi kapepala ka manambala oyezedwa kale. Kapepalako musakakhulupirire mwachimbulimbuli, poti ogulitsa ena amangojambula pepala limodzi pa mabolodi onse. Njira yabwino ndi yoti kabolodiko kayezedwe kamodzi ndi mita yomwe ili ndi satifiketi yaposachedwa, mwina kudzera mwa mnzanu wogwira ntchito za magetsi ku kampani yaikulu kapena kusukulu ya zaumisiri, nambala ndi tsiku zilembedwe pa bokosi lake. Pa ma ohm, ma resistor anayi kapena asanu a 0.1%, monga 100 Ω, 1 kΩ, 10 kΩ, 100 kΩ ndi 1 MΩ, osungidwa m'kabotolo kouma ndipo osawotchereredwapo, ndi okwanira.

Zimenezi si zofunika kuti mmisiri aliyense agule zake. Amisiri a pamsika umodzi atasonkherana n'kugula kabolodi kamodzi ndi ma resistor amenewa, n'kusankha mmodzi wosunga, aliyense akanadziwa khalidwe la mita yake. Ine ndimaona kuti zimenezi zingapindulitse kuposa kugula mita yodula yachiwiri, chifukwa mamita awiri akasiyana simudziwabe wonama, ndipo atatu a fakitale imodzi angagwirizane pa bodza limodzi.

Ngakhale mulibe muyezo uliwonse, pali mayeso aulere. Yezani batire, kenako sinthanitsani mawaya. Nambala ibwere yomweyo, kungowonjezeka chizindikiro cha minus. Yezani mabatire awiri a tochi lililonse palokha pa siteji ya 2 V, muwonkhetse, kenako muwayeze atalumikizana pa siteji ya 20 V. Zikasiyana kwambiri, masiteji awiriwo sakumvana. Mayesowa sangakuuzeni ngati volt ya mita yanu ndi volt yeniyeni, koma amaulula resistor yopsa.

Tsopano pa ntchito yeniyeniyo, pamene ambiri amapupuluma. Kuyesa mita n'kuiyerekeza ndi muyezo ndi kulemba chimene mwapeza. Kupotoza trimmer ndi ntchito ina, yomwe imabwera pamapeto, ndipo nthawi zambiri siifunika. Ikani batire latsopano. Siyani mita ndi muyezo m'chipinda chimodzi kwa ola lathunthu, pamthunzi, nthawi yomwe kutentha kuli pafupi ndi 23 digiri. Ku Tete ndi ku Moatize ndiye kuti m'mamawa. Yatsani muyezo ukhazikike mphindi khumi kapena kuposa. Yezani 2.5, 5, 7.5 ndi 10 V pa siteji ya 20 V, mubwerezenso 10 V pa siteji ya 200 V, ndipo mulembe zonse m'kope limodzi ndi tsiku. Mukapeza 10.04 pamene muyezo ndi 10.00, mita ili mkati mwa lonjezo lake. Isiyeni. Lembani pakapepala kuti imawonjeza 0.4%, mumate kumbuyo kwake. Ka trimmer kakale kamene kakhala malo amodzi zaka zambiri kanakhazikika. Mukakasuntha kamayamba kuyendayenda, ndipo mwataya mbiri yonse ya mmene mitayo imasinthira.

Mupotoze pokhapokha masiteji onse akuphonyera mbali imodzi ndi peresenti yofanana, kupitirira lonjezo. Pamenepo jambulani chithunzi cha bolodi musanakhudze kanthu, gwiritsani ntchito chopotozera cha pulasitiki, ndipo tchunani pa nambala yapamwamba m'siteji, osati yapansi, chifukwa pa 2.50 nambala imodzi yomaliza ndi 0.4% pamene pa 10.00 ndi 0.1%. Tsekani bokosi, dikirani, yezaninso. Mamita ambiri atsopano osankha okha siteji alibe trimmer n'komwe. Manambala otchunira amasungidwa m'ka memory monga 24C02, ndipo kulowa m'menemo popanda miyezo yonse imene pulogalamuyo idzafunse n'kuipha mita. Mita ya Credelec ya pakhoma, ya magetsi olipiriratu, si ya gulu limeneli: ndi ya EDM, ili ndi chidindo, ndipo mukaikayikira mumakadandaula kwa eni ake.

Amene ali ndi mwayi wa oscilloscope, makina oonetsa mafunde a magetsi pagalasi, kaya yakale ya chubu kaya tatsopano ta m'manja, ayambire pa probe, waya wake woyezera. Kutsogolo kwa makina ambiri kuli kachitsulo kotulutsa funde la makona anayi la 1 kHz. Probe ya ×10 ikakhala pamenepo, makona a fundelo aoneke owongoka. Akakhala obulungira kapena osongoka, potozani kasikuluwu ka pa probe pomwepo. Popanda izi, zonse zothamanga zimene muyeze zidzaoneka zazikulu kapena zazing'ono kuposa mmene zilili. Nthawi mungaiyese ndi ka module ka GPS komwe kamatulutsa kugunda kumodzi pa sekondi molondola kuposa china chilichonse muofisina. Kachingwe ka ground ka oscilloscope ya pasoketi kamalumikizana ndi waya wa nthaka, ndiye musakakanikize mbali ya magetsi aakulu ya power supply. Capacitor yaikulu ya mbali imeneyo imasunga pafupifupi 310 V kuchokera pa 220 V, ndipo imatha kukhala nawo ngakhale mutazula pulagi.

Chomwe sindingachisiye ndi fyuzi. Mita ikapsa fyuzi ya mbali ya ma milliamp, chizolowezi ndi kumangapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Pa DT830 dzenje la 10 A lilibe fyuzi ndi kale lomwe. Kuseri kwake kuli waya wonenepa chabe. Mukaiwala waya wofiira m'dzenje limenelo n'kugwira mitu ya batire la galimoto, mwalumikiza positive ndi negative mwachindunji pa batire lotha kutulutsa ma amp mazanamazana, ndipo zonsezo zikuchitikira m'manja mwanu. Mamita opangidwa motsatira malamulo a chitetezo a IEC 61010 amakhala ndi fyuzi za dothi lowotcha zodzaza mchenga mkati, zozimitsa moto wa magetsi usanatuluke m'bokosi. Fyuzi yotere ikapsa, ibwezeredwe ndi inzake ya ma amp ndi ma volt omwewo, ngakhale mtengo wake upose wa DT830 yathunthu. Zilembo za CAT III 600 V, zonena kuti mita ingapirire magetsi a m'bokosi la nyumba, zosindikizidwa pa mita yotsika mtengo zisakunyengeni. Tsegulani muone fyuzi yake ndi mipata ya pakati pa njira za mkuwa. Ya fyuzi yagalasi ikhale ya pathebulo, ya mafoni, mawailesi ndi mabatire ang'onoang'ono. Ku bokosi la magetsi a nyumba kapena la chigayo cha 380 V isapiteko.